Milandu ya pa Kanema Pamene Zithunzi Zinayamba Kulankhula

Kufikira caka ca 1927 zithunzi za baisikopo zinali zosalankhula. Anthu anali kuona milomo ikugwedezeka, koma mau anali kulembedwa pa nsaru kuti oonerera aziwerenga okha. M'caka cimeneco kampani ya Warner Brothers ku America inaturutsa The Jazz Singer, m'mene munamveka nyimbo ndi mau owerengeka, ndipo anthu miyanda-miyanda anathamangira kukamva cozizwitsaco. Pomwepo eni makampani anayamba kufuna-funa nkhani zocuruka mau, ndipo anazipeza m'bwalo la milandu.

Cifukwa cace cinali m'makina. Cotolera mau, cochedwa maikolofoni, sicinali kumva patali, motero cinali kubisidwa m'maluwa kapena pa gome, ndipo wosewera akatembenuka pang'ono mau ace anali kutayika. Nayo kamera inali yaphokoso, cotero anaitsekera pamodzi ndi wojambula m'kanyumba ka zenera la galasi, kotentha ndi kobvuta kusuntha. M'bwalo la milandu mabvutowa anacepa, pakuti woweruza akhala pa mpando wace, mboni ikhala pa malo ace, ndipo anthu alankhula mmodzi-mmodzi.

Nkhani zambiri anazitenga ku masewero a m'mzinda wa New York. Mu 1928 inaturuka On Trial, yocokera m'sewero limene Elmer Rice analemba mu 1914. Mu 1929 kampani ya MGM inaonetsa The Trial of Mary Dugan, m'mene anthu anamva koyamba liu la Norma Shearer. Iye anasewera ngati mtsikana wobvina amene anaimbidwa mlandu wakubaya ndi mpeni mwamuna wolemera amene anali kumsunga. Womnenera pa mlanduwo anali mlongo wace, ndipo mtsikanayo anayenera kuulula pa maso pa onse kuti ndarama zimene zinaphunzitsa mlongo waceyo zinacokera kwa amuna. Caka comweco Thru Different Eyes inaonetsa imfa imodzi katatu: monga anaifotokozera mbali ina, monga anaifotokozera mbali inzace, ndi monga inacitikiradi.

Kukoma kwa zithunzizi kunali apa, kuti woonerera anasanduka woweruza. Anali kumva liu la mboni likunjenjemera, nayesa yekha ngati ikunena zoona kapena ikunama, cinthu cimene mau olembedwa pa nsaru sakanatha kumpatsa.

Komabe cimene cinazikometsa ndico cinazilemaza. Osewera anali kuima cirili ngati mitengo, nalankhula mozengereza kuti makina amve liu liri lonse, ndipo nthawi yaitali inali kutha m'cipinda cimodzi. Zolakwa za makinazi sizinakhalitse, popeza pofika 1931 kamera inali itabvekedwa cophimba coletsa phokoso, ndipo maikolofoni inali kutsata wosewera pa mtengo wautali. Cinakhalitsa ndi cizolowezi ca nkhani zace: umboni wobisika uturuka mwadzidzidzi pa mapeto, wakupha agwidwa m'bwalo momwemo, ndipo mlandu utha tsiku lomwelo.

Ku England, mu 1930, Alfred Hitchcock anayesa njira yina m'cithunzi ca Murder! M'menemo mmodzi wa anthu 12 ogamula mlandu akakamizidwa ndi anzace kubvomera kuti mtsikana wina ngwolakwa, koma pambuyo pace mtima umtsutsa. Maganizo ace amveka pamene ali kumeta ndebvu, ndipo ayamba kufufuza yekha mpaka ampulumutsa ku cingwe.

Hitchcock anayandikira coonadi koposa anzace. M'bwalo leni-leni wakupha saulula kawiri-kawiri, ndipo munthu wosalakwa apulumuka cifukwa ca anthu ofunsa mofatsa, osafulumira kugamula. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.