Kuchokera pa Taipi Kufika pa Laputopu: Zimene Blantyre Waphunzira

Chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akangotuluka, m'makomo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumamveka nthungululu. Nthungululu zikatha, bambo ndi mayi amakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsa: fizi, lendi, chakudya, kenaka laputopu. M'mabanja ambiri chimenechi ndicho chinthu chodula kuposa katundu yense wa m'nyumba, ndipo akaphonya pogula, ndalama yogulira ina siipezekanso. Funso loti "tigule yotani?" lili ndi mbiri yake mumzinda uno, ndipo mbiriyo imayankha bwino kuposa wogulitsa.

Pamene sukulu ya Polytechnic inkatsegulidwa mu 1965, wophunzira ankangofuna cholembera ndi kope. Ntchito yofunika kuoneka bwino inkapita kwa mlembi wodziwa taipi. Mataipi a Olivetti, Remington ndi Imperial anali achitsulo, osafuna magetsi, ndipo riboni ikatha munthu ankangogula ina. Chikathyoka china mkati, mmisiri ankatsegula n'kukonza. N'chifukwa chake taipi imodzi inkatumikira ofesi zaka makumi awiri osadandaula.

Kunja, zinthu zinkathamanga. Mu 1981 kunatuluka Osborne 1, kompyuta yonyamulika koma yolemera makilogalamu pafupifupi 11. Mu 1985 kampani ya Toshiba inatulutsa T1100, ndipo mu 1992 a IBM anabweretsa ThinkPad. Kuno kwathu nthawi yonseyo kompyuta inali ya mabanki, makampani akuluakulu ndi maofesi a boma. Mwana wa ku Bangwe ankangoiona pawindo.

Chaka cha 1992 ndicho chinaonetsa anthu wamba mphamvu ya makinawa. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi, timapepala tofuna ndale za zipani zambiri tinayamba kuyenda mobisa kudzera pa fakisi, pa fotokope ndi pa makompyuta a m'maofesi, ndipo apolisi anamanga ogwira ntchito ambiri powaganizira kuti ndiwo ankafalitsa. Pofika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, m'misewu ya Blantyre ndi Limbe munali mutadzaza nyuzipepala zoima pazokha, zina zokonzedwa pa kompyuta imodzi m'kachipinda kalendi.

Wophunzira anadikirabe. Intaneti inafika ndi kampani ya MalawiNet mu 1997, ndipo ntchito ya SDNP inakhazikika pa Polytechnic pomwepo. M'zaka za m'ma 2000 ophunzira ankaima pamzere kulimbirana makompyuta ochepa a pasukulu, ena n'kumalipira pa mphindi m'malo ogwiritsa ntchito intaneti m'tauni. Ntchito inkayenda pa kadisiki, kenaka pa fulashi, pamodzi ndi mavairasi ake. Amene anaphunzira nthawi imeneyo akukumbukira kulira kwa munthu amene ntchito yake ya miyezi itatu yafufutika usiku umodzi.

Laputopu inafika m'makomo mwathu podzera njira ya kaunjika. Makampani a ku Britain ndi America amasintha makompyuta a antchito awo pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo akalewo amadutsa ku Dubai, Johannesburg kapena Dar es Salaam asanafike m'masitolo a ku Limbe. Apa mzinda unaphunzira phunziro loyamba, loti laputopu zili mitundu iwiri. Zilipo zopangira ofesi, monga ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, zokhala ndi mahinji olimba ndipo zotseguka ndi sikuludiraiva wamba. Zilipo zina zotchipa, zonyezimira, zimene pulasitiki yake imasweka pa hinji chaka chisanathe. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzina nalo silokwanira palokha: Toshiba, imene inali m'zikwama za ophunzira ambiri, inagulitsa bizinesi yake ya makompyuta kwa a Sharp mu 2018 n'kutulukamo kotheratu mu 2020, pamene ThinkPad inapita kwa a Lenovo mu 2005 koma ikupangidwabe, ndipo zipangizo zake zikupezeka.

Phunziro lachiwiri linachokera ku mtsinje wa Shire. Chiyambire pamene Nkula anayamba kupanga magetsi mu 1966, magetsi athu ambiri akhala akudalira mtsinje umodziwu. Madzi atatsika m'nyanja ya Malawi mu 2016 ndi 2017, makomo ankakhala mumdima maola ochuluka patsiku. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wophunzira wochita lendi ku Zingwangwa anazindikira kuti laputopu ya batire lakufa n'chimodzimodzi kompyuta ya patebulo: magetsi akathima, nayo yathima. Anazindikiranso kuti magetsi pobwera amabwera ndi ukali, ndipo chaja yachinyengo ndiyo imayamba kupsa, nthawi zina n'kutengera kompyuta yomwe kumanda.

Mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu pa 23 Malichi 2020, laputopu inasiya kukhala chodzionetsera. Maphunziro ena anasamukira pa intaneti, ndipo wopanda chida anatsalira. Kenaka kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Popeza laputopu iliyonse imagulidwa kunja ndi madola, yatsopano inakwera kufika pamene kholo logulitsa makala kapena losoka zovala pakhonde silingafikepo. Yakale ndiyo yatsala, ndiye nkhani yagona pa kusankha.

Tsopano kwabwera msampha wina. Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 kawirikawiri imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Makompyuta amene azungu akutaya pa chifukwa chimenechi sakupita kutali, akubwera konkuno. Choncho musakomedwe ndi kapepala kolembedwa "i7". Onani nambala yotsatira: i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, pamene i7-3520M ndi yachitatu, nkhalamba ya mu 2012. Amene wagula kale yakale asataye mtima, chifukwa Ubuntu, imene anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba, bola maphunziro ake asakhale ofuna mapulogalamu a Windows okha.

Nanga kholo lichite chiyani? Safunsa anadya phula. Musanapite kusitolo, yambani mwafunsa kusukulu mapulogalamu amene mwana akagwiritse ntchito, chifukwa wa zojambula mapulani a nyumba amafuna makina amphamvu kuposa wa utolankhani. Kenaka pitani kwa wokonza makompyuta mukamufunse kuti ndi mtundu uti umene batire, kiyibodi ndi sikirini zake amazipeza msanga. Pogula, zulani chaja muone mmene batire likutsikira. Dinani batani lililonse. RAM isachepere 8GB, ndipo chosungira chikhale SSD, imene siiopa mabampu a minibasi ya ku Machinjiri ngati hadi disiki yakale yozungulira. Ikakhala ndi pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, kapena akukana kupereka lisiti, isiyeni, mwina ndi yakuba.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Woyendetsa minibasi amagula Toyota chifukwa akudziwa kuti sipeya wake akampeza mumsika wa Ndirande. Taipi inakhalitsa chifukwa mmisiri wa pano ankatha kuitsegula. Laputopu yodalirika kwa mwana wa m'makomo muno ndi imene ingapirire mdima wa maola angapo, ndipo ikadwala m'chaka chachitatu, mayeso ali pafupi, ingachire m'manja mwa mmisiri wa ku Limbe pa mtengo umene kholo lingakwanitse.