MERA siyang'anira, imawongolera

Mtengo wa mafuta ukakwera, olemba nkhani amakonda kutchula MERA kuti bungwe loyang'anira za mphamvu. Wothyola tiyi wa kwa Mphuka akamva zoyang'anira amaona kapitawo ali chilili m'munda. Koma MERA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, siimirira munthu pa ntchito. Magetsi amapanga ndi EGENCO, amagawa ndi ESCOM. Mbali ya MERA ndi kupereka ziphaso, kuika miyezo, ndi kuvomereza kapena kukana mitengo. Kumeneku ndi kuwongolera. Kulamulira nakonso sikukwana, chifukwa wolamula safunsa anthu maganizo, pomwe MERA imachititsa misonkhano isanavomereze kukweza mtengo wa magetsi.

Kulemera kwa mawuwa kumaoneka dziko likatuluka mu mgwirizano wa zamalonda. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, koma mathanki a mafuta sanaleke kuchoka ku Dar es Salaam kubwera kuno. Msewu umatsala pomwepo. Zimene zimagwedezeka ndi msonkho, ziphaso ndi kokadandaula. Chilumba ngati Likoma, chozingidwa ndi madzi a Mozambique komanso chosalumikizidwa ku mawaya a kumtunda, chimapsa msanga ndi zoterezi, pakuti dizilo wa majenereta ake amadutsa madoko a eni asanakwere sitima. Popewa mavuto ngati amenewa, Britain itatuluka mu European Union mu 2020, chilumba cha Ireland chinasungabe msika umodzi wa magetsi umene unayamba mu 2007, owongolera a ku Dublin ndi a ku Belfast n'kumagwirabe ntchito limodzi.

Ena amati tingobwereka mawu, tizinena kuti reguleta. Ine sindidana ndi dizilo, jenereta kapena thiransifoma. Katundu abwere ndi dzina lake. Koma mawu a udindo ayenera kuuza munthu khomo loti akagogode. Amene akuyesa MERA kapitawo amakaidandaulira za polo lakugwa, osadziwa kuti pa mtengo wa yuniti ali ndi ufulu woyankhulapo.

Chichewa Board inatha mu 1995, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba ilibe mphamvu zokakamiza aliyense, choncho wailesi iliyonse imapeka mawu ake. Nyumba ya Malamulo ikanalamula kuti zigamulo za MERA zizitulukanso m'Chichewa, akatswiri a chiyankhulo ndi mainjiniya akanakakamizika kukhala pansi n'kugwirizana mawu amodzi.