Kutchaja Galimoto za Magetsi Pakhomo: Ndalama Zake ndi Zoyenera Kukonzekera

Galimoto zoyendera magetsi zayamba kuoneka m'misewu ya dziko lino, ndipo zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Popeza malo otchajira a aliyense akadali ochepa, mwini galimoto yotere amadalira magetsi a pakhomo pake. Chidziwitso ichi chikufotokoza mmene munthu angawerengere ndalama zofunika ndi zimene ayenera kukonza panyumba asanagule galimotoyo.

Mitundu ya galimoto

Pali mitundu itatu. Woyamba ndi wa galimoto zoyendera batire yokha, monga Nissan Leaf, zomwe sizimwa petulo. Wachiwiri ndi wa galimoto zokhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi batire yotchajidwa pasoketi, monga Mitsubishi Outlander PHEV. Wachitatu ndi wa galimoto monga Toyota Aqua ndi Prius wamba, zomwe batire yake imadzitchaja yokha galimoto ikamayenda. Za mtundu wachitatuwu sizilumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, choncho zimene zalembedwa m'munsimu zikukhudza mitundu iwiri yoyambayo.

Kuwerengera ndalama

Kukula kwa batire kumayezedwa mu kWh, ndipo kWh imodzi ndiyo yunitsi imodzi ya magetsi amene timagula ku ESCOM. Nissan Leaf yoyambirira ili ndi batire ya 24 kWh, pamene yomwe inatuluka mu 2017 ili ndi ya 40 kWh. Potchaja, gawo lina la magetsi limatayika ngati kutentha, kotero kudzaza batire ya 24 kWh yomwe yatheratu kumadya mayunitsi pafupifupi 27.

Galimoto yaing'ono ya magetsi imagwiritsa ntchito mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Munthu woyenda makilomita 40 patsiku amafunika mayunitsi pafupifupi 8, omwe pamwezi ndi mayunitsi 240. Chulukitsani nambalayi ndi mtengo wa yunitsi imodzi kuti mupeze ndalama za pamwezi. Kenaka yerekezani ndi galimoto ya petulo yomwa malita 7 pa makilomita 100, yomwe pamtunda womwewo ingamwe malita 84 pamwezi. Mitengo ya magetsi ndi ya mafuta imasintha ndipo imavomerezedwa ndi bungwe la MERA, n'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera ndi mitengo ya nthawi imene mukugula.

Nthawi yotchajira

Magetsi a m'nyumba m'Malawi ndi a mavolti 230. Chaja yolowa m'soketi wamba ya mano atatu imakoka pafupifupi maampu 10, ndipo imapereka mayunitsi oposa pang'ono awiri pa ola. Mayunitsi 8 a patsiku aja amalowa m'maola osakwana anayi, koma kudzaza batire ya 24 kWh kumatenga maola pafupifupi 12. Chaja yomangirira kukhoma imatha kufika 7 kW, komabe galimoto zina zakale zimalandira 3.3 kW yokha. Funsani za zimenezi musanawononge ndalama pa chaja yaikulu.

Chitetezo cha nyumba

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu. Ketulo imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zochepa chabe, koma galimoto imakoka usiku wonse. Soketi yotha kapena waya wochepa mphamvu amatentha pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa moto anthu ali m'tulo. Choncho tsatani izi:

1. Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso chovomerezeka kuti ayeze mawaya a nyumba ndi waya wa eti.
2. Galimoto ikhale ndi waya wakewake wochokera pabokosi la magetsi, buleka yakeyake ndi chipangizo chotchedwa RCD, chomwe chimazimitsa magetsi akayamba kudutsa posayenera.
3. Musagwiritse ntchito ekisitenshoni kapena adaputa.
4. Onetsetsani chingwe chobwera ndi galimoto ya ku Japan. Zambiri zinapangidwira mavolti 200 ndipo zimakoka maampu 15, kuposa fyuzi ya maampu 13 ya pulagi yathu. Kudula pulagi yake n'kuikapo yakuno n'koopsa.
5. Soketi ya panja ikhale yotetezedwa ku mvula.
6. Okhala m'nyumba za lendi apemphe chilolezo kwa eni nyumba, ndipo ngati mita ndi yogawana, agwirizane kaye za kalipiridwe.

Kuzima kwa magetsi ndi maulendo aatali

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa kapena makina akawonongeka, monga zinachitikira ku Kapichira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, magetsi amagawidwa mosinthanasinthana. Musadikire kuti batire itheretu, tchajani nthawi iliyonse imene magetsi alipo. Sola yaing'ono younikira ndi kutchajira mafoni siingakwanitse: mayunitsi 8 patsiku amafuna mapanelo a 300 W osachepera 6 pamodzi ndi inveta yamphamvu.

Dziwaninso kuti batire imachepa mphamvu ikamakalamba. Leaf yakale ya 24 kWh siingafike ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, popanda kutchaja panjira. Alimi ndi amalonda oyenda maulendo aatali kumadera opanda magetsi angathandizidwe bwino ndi galimoto yokhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi batire. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa akuonetseni mphamvu yotsala m'batire.