Amuna Amene Ankagona Panjira ndi Njinga Zawo

Munthu akaima m'mbali mwa msewu wotsata nyanja kuchokera ku Karonga m'miyezi yopanda mvula, sachedwa kuona alendo a maiko akutali akupalasa njinga zolemedwa ndi zikwama uku ndi uku, ena a iwo atanyamuka ku Cairo mtima uli ku Cape Town. Ndipo pamene ana awathamangira ndi mfuu ya chimwemwe, ine mtima wanga umabwerera kwa amuna ena, ana a dziko lino, amene adayenda maulendo a masiku ambiri pa njinga alendowa asanabadwe, osati pofuna kuona mapiri ndi madambo, koma kuti anthu a ku Limbe ndi a m'minda ya tiyi asadye nsima yosinkha.

Njinga monga tiidziwa lero, ya magudumu awiri ofanana ndi tcheni chokoka gudumu la m'mbuyo, idaoneka ku Coventry m'chaka cha 1885 m'manja mwa John Kemp Starley, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop adaiveka matayala opopa mpweya. Pa nthawi imeneyo kuno kwathu katundu wa pamtunda ankayenda pa mitu ya amtengatenga, nawo azungu ankanyamulidwa pa machila. Njinga zoyamba zidali za amishoni ndi akuluakulu a boma. Pambuyo pake aphunzitsi, alaliki ndi alembi adayamba kuzigula. Koma amene adazidzazadi m'midzi ndiwo abale athu obwera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, pakuti mwamuna wobwera kumeneko wopanda Raleigh, Humber kapena Phillips ankayesedwa ngati mlenje wobwera chimanjamanja. Njinga zimenezo zidali zakuda, zolemera, zachitsulo chenicheni, ndipo mwini wake ankazipukuta ndi kansalu kake kapadera, nazigoneka m'nyumba pamene mbuzi zidali m'khola.

Tsono taonani mmene chinthu chonyadira chidasandukira khasu la munthu wosauka. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935, koma sidafike ku Fort Johnston, kumene lero titi Mangochi, ngakhale ku doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa; chikhalirecho m'minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje mudadzaza antchito, ambiri a iwo Alomwe ochokera kutsidya kwa malire, ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, amene ankalandira ufa koma nasowa chodyera. Nsomba zidali uko, njala ya ndiwo idali kuno, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 amene adalumikiza ziwirizi ndiwo amuna a madengu pa kaliyala.

Malume anga adali mmodzi wa iwo, ndipo ine, ndili mnyamata wa ndevu zongomera, ndidawatsata nyengo zingapo pa njinga yobwereka. Tinkanyamuka kwathu kufupi ndi Namadzi tambala woyamba atalira, pa kaliyala pali dengu lalikulu lopanda kanthu, m'kati mwake muli kamba wathu: ufa m'kathumba, kampoto kakuda, mchere wokulunga m'pepala, mbatata yootcha ndi bulangete limodzi. Ku felemu kunkamangidwa pampu, ndipo pansi pa chishalo pankalendewera kachikwama ka sipanala, zigamba zodula ku chubu chakale ndi kachitini ka zomatira. Ulendo wa ku Kachulu udali waufupi, wokagula matemba, makumba ndi milamba yowamba. Koma nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1968, asodzi nakhala pa matope ouma kuyang'ana mabwato awo, tidayamba kulowera ku Malombe ndi ku Mangochi, ulendo wa masiku awiri kupita, ndi atatu kapena anayi kubwera.

Kupita kudali kokoma, pakuti ukadutsa Zomba ndi Domasi msewu umatsetsereka pa Kasupe kulowa m'chigwa cha Shire, mphepo ikulira m'masipoko. Pa Liwonde tinkawoloka pa mlatho wa baraji umene udatha mu 1965, ndipo malume sankalephera kundikumbutsa kuti iwo adayamba ntchitoyi m'masiku odikira pantoni, pamene munthu ankatha theka la tsiku ali pagombe. Koma pobwerera, dengu litadzaza ndi utaka ndi chambo chowamba, litafunditsidwa udzu ndi chiguduli, litamangidwa ndi zingwe za mphira mpaka gudumu la kutsogolo kufuna kunyamuka, chitunda chomwecho cha Kasupe chinkasanduka woweruza wa mphamvu za munthu. Palibe ankapalasa pamenepo. Tinkakankha, dzanja limodzi pa handulo, lina pa dengu, thukuta likugwera m'fumbi, ndipo pofuna kupuma tinkaika mwala kumbuyo kwa tayala. Apa ndipo ndidamvetsa mawu a akulu akuti kuyenda awiri si mantha, chifukwa njinga yolemedwa ikagwa, munthu mmodzi sangaidzutse. Woyamba kufika pamwamba ankatsamiritsa yake ku mtengo natsikanso kukathandiza mnzake, ngakhale mawa lake akapikisana naye pa msika.

Tsiku lina kufupi ndi Ulongwe chubu changa chidabooka kachitatu, zomatira zitatha, dzuwa likupendeka. Malume adakhala pansi osanena kanthu, navula tayala, natulutsa chubu, nanditumiza kukamweta udzu wouma, umene adaupota ndi kuutsendera m'tayalamo ndi chala chachikulu mpaka lidalimba. Ndipo njingayo, ikugwedeza mafupa anga onse, idandifikitsa kumene kudali wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Koma chimene ndifuna kuti chikumbukike koposa ndicho magonedwe, pakuti ntchito yonseyi idatsamira pa mwambo wolandira alendo, ndipo popanda mwambowo sikadatheka. Mdima ukayandikira, tinkapatuka kulowa m'mudzi, titatsika pa njinga patali ndithu, pakuti kulowa pabwalo la eni uli pa chishalo kudali chipongwe. Malume ankavula chisoti, nanjuta, naomba m'manja nati, "Odi kuno, mfumu! Ndife apaulendo, dzuwa latithera, tipempha pogona." Yankho nthawi zonse lidali loti, "Fikani, wawa, kuno n'kwanu." Mayi a pakhomo ankatenga ufa wathu kukaphika, kawirikawiri naubweza wosakhudza, nabwera ndi nsima ya ufa wawo ndi madzi otentha osambitsa miyendo, ife tinkatapa nsomba zodzaza manja awiri kusiya m'mbale, zimene sizidali malipiro koma ulemu. Tinkagona kumphala kapena pakhonde, dengu lili kumutu kuopa agalu, ndipo m'bandakucha tinkatsazika, pakuti mlendo ndi mame. Malume adali ndi makomo otere kuyambira ku Thondwe mpaka ku Malombe, a Chiyao, a Chinyanja, Asilamu ndi Akhristu, ndipo maliro akagwa pa limodzi la makomowo, iwo ankapalasa kukakhuza monga mbale.

Malole, mabasi ndi misewu ya phula zidachepetsa maulendo aataliwa, ngakhale njinga sidapume: lero isenza makala, nkhuni ndi matumba a chimanga, ndipo anyamata a kabaza adyetsa nayo mabanja. Koma amuna amene adadziwa mudzi uliwonse wa pa njira ya kunyanja ndi dzina la mfumu yake akutha, ndipo mbiri yawo sidalembedwe pa mwala uliwonse. Inu amene kwanu kukali nkhalamba yotere, kapena Humber yadzimbiri yopachikidwa kuseri kwa nkhokwe, musaigulitse kwa ogula zitsulo musanakhale pansi ndi mwini wake ndi kumufunsa kumene ankagona.