Kalongonda wa Alhomwe a ku Phalombe

Alhomwe atayamba kuloŵa m'dziko muno mwaunyinji cha m'ma 1890, pothaŵa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ambiri anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe. Anadza ndi kaphikidwe kao. Chinangwa ankachisenda ndi kuchiyanika padzuŵa kuti chikhale makaka osungika, monga momwe a Viking a ku Norway ankaumitsira nsomba pamphepo zaka 1,000 zapitazo.

Koma luso lenileni linali pa kalongonda. Nyemba zimenezi zili ndi chiphe. Mai ankaziphika tsiku lathunthu, nachotsa makoko, nataya madzi akudawo kangapo, asanalaŵitse mwana. Mtolo wa nkhuni unkathera pamenepo. Wophika mothamanga ankaledzeretsa banja lonse, ena mpaka kudwala kwambiri.