Basi ya ku Katete imene sitinakwere

Adzukulu anga, bwalo la ndegeli mumalidziwa ndi dzina la Harry Mwanga Nkumbula, koma dzinalo ndi la dzulodzuloli, la mu 2011. Ife tinkangoti ku eyapoti, kuno kumchenga kumene dzuwa la Okutobala limawotcha mapazi, ndipo m'mwezi wa Epulo ukaimirira pamtunda m'mawa umaona utsi wa Mosi-oa-Tunya uli tolo kummwera. Tinkapita kumsika wa Maramba wapansi, pobwera madzulo tikuopa njovu.

M'zaka zimenezo munalowa matenda amene tinkaopa kuwatchula dzina. Tinkangoti kaliwondewonde. A Kaunda anali atauza kale dziko lonse mu 1987 chimene chinapha mwana wawo Masuzyo, koma m'makomo mwathu pakamwa panali potseka ndithu, ndipo ma ARV aulere anadzabwera cha m'ma 2004, manda atadzaza kale.

Mwana wa mlongo wanga anadwalira m'nyumba muno. Kuchipatala sing'anga anandiitanira pambali, nandinong'oneza kuti bwererani naye kunyumba. Wodwalayo sanamuuze kanthu, katundu yense anasenzetsa ine. Agogo anu ankamphikira phala lothira nsinjiro, lamadzimadzi, kumumwetsa ndi kasupuni kakang'ono, masupuni atatu basi iye n'kutembenukira kukhoma. Amayi a mpingo wa Katolika oyendera odwala ankabwera ndi sopo ndi mapanado, koma ululu wake sunkamva panado.

Tsiku lina usiku anandigwira dzanja. "Amalume, kodi ndichira?"

"Uchira, mphwanga, mvula ikagwa udzalimba."

"Ngati sindichira, mundiperekeze kwathu ku Katete, ndikaone amama."

Paja chakudza sichiimba ng'oma, komatu ichi chinaimba, ndinatseka makutu ndine. Kwathu kuuza munthu wamoyo kuti akufa n'kumulosera, mawa anthu adzati unamulodza ndiwe. Kumukweza basi, ulendo wa masiku awiri kudzera ku Lusaka, kukanakhala kuvomera zomwezo. Ndiye ndinkazengereza, lero ndalama, mawa dikira ulimbeko.

Taganizani, Susi ndi Chuma mu 1873 ananyamula mtembo wa mzungu amene tauni ino inatengera dzina, kuchokera kwa Chitambo mpaka kunyanja ya mchere, miyezi yambirimbiri wapansi. Ine wanga anali wamoyo, ndipo msewu unali wa phula.

Anatisiya mvula yoyamba isanagwe. Mlongo wanga anafika titaika kale dzulo lake, atanyamula kathumba ka nsawawa zoti timsinjire mwana wake.