Ngoma: Gule Amene Anasunga Cishango

Aliyense amene anafikako ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa February saiwala mgugu wa mapazi a Angoni. Koma kodi mudziwa kuti gule ameneyu kale anali sukulu ya ankhondo?

Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, pa tsiku la kadamsana. Ananyamula cishango ca cikopa ca ng'ombe, mkondo ndi cibonga. Luso la zida zimenezi silinkayambira pa ukulu ai. Mnyamata ankayambira ku ubusa, kulimbana ndi anzake ndi ndodo. Usiku ankagona ku laweni, nyumba ya anyamata, kumene akulu ake ankamuphunzitsa kumvera ndi kupirira. Pofika pa bwalo la ngoma anali atadziwa kale kuchinga mutu. Guleyo ndiye ankaphunzitsa cotsalaco: kuponda pamodzi, kukweza cishango pamodzi, osasiya mnzako pambali. Amene asokoneza phazi pa bwalo akanasokonezanso mzere ku nkhondo.

Mu January 1898 asilikali a Angelezi anafika m'dziko la Mpezeni ndi mfuti zaciwaya. Cishango sicikanachinga zipolopolo. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa naomberedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Nc'wala inaima zaka zoposa 80, kufikira pamene Mpezeni wacitatu anaiutsanso mu 1980.

M'zaka zonsezo magulu a nkhondo anatha, anyamata anapita kukafuna nchito ku migodi ndi ku mafamu, ngakhale cinenero ca makolo cinalowedwa m'malo ndi Cinsenga. Ngoma yokha inakana kufa, cifukwa m'midzi munali madoda amene sanatope kuima pambali pa mwana ndi kumuuza kuti abwereze.

Ena mwa ife mu mpingo amaopa gule wa mikondo. Ine ndiona kuti manthawo apitirira. Mkondo wa lero sulasa munthu, ndipo mwambo umene guleyu afuna, wakumvera mtsogoleri ndi kusunga mzere, ndi womwewo umene tiufuna m'kwaya.

Covuta cili pa nyimbo. Zambiri zili ndi mau a Cingoni cakale amene oimba ambiri satha kumasulira. Mapazi mwana angaphunzire poonerera, koma tanthauzo la mau afunika kukhala pansi ndi gogo wake ndi kufunsa, gogoyo akali moyo.